Star Wars: The Clone Wars, amene mwaimaliza bwerani tikambirane

Bambo a Tadala:
Abale, ndamaliza Star Wars: The Clone Wars, masizoni onse 7, magawo 133. Amene simunaonere ndipo simukufuna kudziwiratu mathero, musawerenge zapansizi chifukwa tiulula zonse. Katuni imeneyi amaiitanira malonda ndi nkhope za Anakin ndi Obi-Wan, a Jedi (gulu la oteteza mtendere), ndi malupanga awo owala aja, koma kwa ine eni nkhani ndi asilikali ovala zoyera aja, ma clone. Anthu opangidwa m'fakitale ya ku Kamino kuchokera m'thupi la munthu mmodzi, Jango Fett, okula mofulumira kawiri kuposa munthu wobadwa, moti popita kunkhondo amakhala ndi zaka 10 zokha pamene thupi ndi la mnyamata wa zaka 20. Palibe anawafunsa ngati akuufuna usilikaliwo. Ndipo nkhondo imene akuferayo mbali zonse ziwiri akuziyendetsa ndi munthu mmodzi: Palpatine ndiye mtsogoleri wa Republic, boma limene ma clone akulimenyera nkhondo, yemweyonso ndiye Darth Sidious amene akulamula Count Dooku kumbali ya ofuna kudzipatula. Ukamaonera ukudziwa zimenezi, ngakhale apambane anyamatawo, mtima sukondwa.

Jekete:
Achimwene, mwayambira kutamanda. Nenaninso kuti sizoni yoyamba ndi yotopetsa. Nkhope zouma ngati ziboliboli, ndevu za Obi-Wan zosagwedezeka ngakhale kukuwomba chimphepo, maloboti a adani aja akungochita nthabwala zachibwana kenako n'kudulidwa pakati. Ndiye ponyanipo magawo a Jar Jar Binks. Munthu wandevu zake angapirire zimenezo?

Mphwake wa Yoda:
Kuumako kunali kwadala, aise. George Lucas ankafuna kuti anthu ake afananeko ndi zidole za mu Thunderbirds, pulogalamu ya ku Britain ya m'ma 1960. Koma ndi zoona kuti poyamba luso linali lisanakhwime. Inayamba pa Cartoon Network mu Okutobala 2008, filimu yake itatuluka mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo woyang'anira ntchito yonse anali Dave Filoni. Ukaika sizoni 1 pambali pa sizoni 4 ungakane kuti ndi anthu amodzimodzi anazipanga. Mbiri yakenso ndi yodumphadumpha: Disney inagula Lucasfilm mu 2012, mu 2013 anaiimitsa itangotha sizoni 5, magawo 13 anadzatulukira pa Netflix mu 2014, ndipo 12 omaliza anabwera pa Disney+ mu 2020. Gawo lotsiriza linatuluka pa 4 Meyi.

Jekete:
Ndiye ndidikire masizoni atatu kuti izikoma? Bandulo yake agula ndani?

Achemwali a ku Joni:
Kkkk Jekete, simufunika kudikira mpaka kumeneko. Gawo lachisanu lenilenilo la sizoni 1, Rookies, likukuuzani kale kumene nkhaniyi ikulowera. Mulibe Jedi wodzawapulumutsa, ndi anyamata ongotuluka kumene kumaphunziro, akulondera kamalo kakutali pa mwezi wa Rishi, akudandaula kuti nkhondo sakuionako. Pakutha gawolo Hevy wadziphulitsa pamodzi ndi malo onsewo kuti anzake adziwe kuti Kamino ili pangozi. Pa asanu a gulu lawo atsala awiri, Fives ndi Echo.

Bambo a Tadala:
Ndipo achemwali, chimene chinandizizwitsa n'choti mawu a ma clone onse amayankhula ndi munthu mmodzi, Dee Bradley Baker. Koma ukazolowera umasiyanitsa ndi khutu lokha kuti uyu ndi Rex, uyu ndi Fives, uyu ndi Hardcase. Nkhope imodzi, liwu limodzi, koma aliyense wadzipezera dzina, wameta mwakemwake, wajambula chisoti chake. Fakitale inawapatsa manambala, mayina anapatsana okha.

Apa ndifike pa Umbara, sizoni 4, magawo anayi aja. Kwa ine palibe china chinaposa pamenepo. Dziko la mdima lokhalokha. Anakin waitanidwa kubwerera ku Coruscant, likulu la Republic, asilikali ake a gulu la 501st asiyidwa m'manja mwa Jedi wa manja anayi, Pong Krell. Iyeyo mayina alibe nawo ntchito, Rex, kaputeni wa asilikaliwo, amamuitana CT-7567. Akuwalamula kuyenda chamaso pamsewu waukulu wodzaza mabomba okwirira, iye ali kumbuyo. Fives, Jesse ndi Hardcase akana zopusazo, atenga ndege za adani n'kukaphulitsa chombo chobweretsa zida, Hardcase n'kufera komweko. Mphotho yake? Krell alamula kuti Fives ndi Jesse awomberedwe. Anzawo aimika mfuti, awombera, onse aphonya dala.

Kenako Krell awauza kuti adani avala zovala za ma clone, aliyense mukumane naye muwombereni. Nkhondo ili mkati Rex aona mtembo, auvula chisoti, apeza nkhope yake yomwe. Athamanga pakati pa zipolopolo atavula chisoti chake, akukuwa kuti lekani. Anali abale awo a 212th, amene anauzidwanso bodza lomwelo. Waxer akutsirizika, misozi ikutsika, ndiye anaulula kuti lamulo linachokera kwa Krell. Pachisoti chake pali chithunzi cha Numa, kamtsikana kamene anakapulumutsa ku Ryloth mu sizoni 1. Ndinaimitsa kaye pamenepo.

Mphwake wa Yoda:
Ndipo womupha Krell si Rex. Rex dzanja linanjenjemera. Anawombera ndi Dogma, amene nthawi yonseyi ankaikira kumbuyo Krell n'kumaneneza anzake. Womvera kuposa onse ndi amene anapwetekeka kuposa onse.

Jekete:
Umbara ndi yabwino, sindikana. Koma taonani chinyengo chake. Olemba atifikitsa pafunso lenileni, loti kodi n'chilungamo kutsogolera anthu ogulidwa ndi ndalama kukafa, kenako n'kutiuza kuti Krell anali atapanduka kale, ankafuna kukagwira ntchito ndi Dooku. Basi mlandu wonse wagwera munthu mmodzi woipa, a Jedi enawo ayera. Komatu Obi-Wan waulemuyo, Plo Koon wachifundoyo, onse akutsogolera anthu amene sangathe kusiya ntchito. Amene ananena poyera kuti ma clone ndi akapolo ndi Slick mu sizoni 1, ndipo anamujambula ngati wogulitsa abale ake kwa Ventress, wothandizira Dooku, kuti tisamumvere. Choseketsa kwambiri, m'sizoni 4 momwemo Anakin akupsa mtima ndi msika wa akapolo wa ku Zygerria chifukwa iyenso anali kapolo ali mwana. Amene wayenda naye paulendowo ndi Rex. Sanacheuke ngakhale kamodzi kumufunsa kuti nanga iwe?

Achemwali a ku Joni:
Apa mwalasa, achimwene. Koma ine ndimaona kuti kusacheukako ndiye nkhani yake. A Jedi sakuona, ndipo kusaonako ndi kumene kunawaphetsa. Olemba akanaika Yoda n'kumalalikira kuti ukapolo ndi woipa, bwenzi filimu ya 2005 ija, Revenge of the Sith, imene a Jedi amaphedwamo, ilibe tanthauzo.

Jekete:
Kapena olembawo ankaopa kudetsa anthu amene zidole zawo zikugulitsidwa m'masitolo.

Angozo:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine anandikokera mu katuni imeneyi ndi adzukulu, ndipo magawo amene iwo amawadumpha ndi amene ine ndinawakonda, a m'nyumba ya malamulo. Mu sizoni 3 muli gawo lotchedwa Heroes on Both Sides. Republic ndalama zatha, ikufuna kumasula malamulo a mabanki kuti ikongole zina zogulira asilikali. Phungu Padmé azemba kukaonana ndi mnzake wakale wa mbali inayo, Mina Bonteri, ndipo tipeza kuti odzipatulawo si maloboti okha, ali ndi nyumba yawo ya malamulo, ali ndi amasiye awo, ndipo ambiri atopa nayo nkhondo. Agwirizana zokambirana mtendere. Amabanki ndi ogulitsa zida atamva, maloboti odzionetsa ngati osesa alowa ku Coruscant n'kuphulitsa malo opangira magetsi. Mumdimamo aphungu asintha maganizo, za mtendere zathera pomwepo, ndipo Mina aphedwa. Gawo lotsatira akukambirana zogula ma clone ena 5 miliyoni pangongole. Padmé poyankhula sanatchule mfundo zapamwamba, anangofotokoza za wantchito wake Teckla, amene kwawo madzi ndi magetsi zimabwera mwa apo ndi apo chifukwa ndalama zonse zapita kunkhondo.

Dalitso:
Za Teckla zokhazo sitifunika kutanthauziridwa, bambo kkkk

Angozo:
Ndithu mwanawe. Koma chimene chinandikhudza ndi china. Nkhondo ya ku Karonga itachitika mu Seputembala 1914, John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yoti anthu akuda akukhetsa magazi pankhondo imene chiyambi chake sakuchidziwa ndipo phindu lake sadzaliona, ndipo anati olemera, amabanki ndi eni minda ndiwo apite akawomberedwe. Pitani ku Zomba mukaone nsanja ya chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles. Ena a iwo pankhondo yachiwiri anakafika mpaka ku Burma. Ndikamaona Rex akupereka sawatcha kwa anthu amene sanamufunsepo maganizo ake, sindiona zachilendo.

Jekete:
Bambo, mwaulemu ndithu, pali kusiyana. Asilikali a KAR anali ndi amayi awo, akazi awo, midzi yowalira, ndiye chifukwa chake panapezeka wowalembera kalata. Ma clone alibe wowalira. Palpatine anachenjerera pomwepo: anthu a ku Coruscant sanaikepo maliro a mwana wawo, ndiye analibe chifukwa chokanira nkhondo kufikira magetsi atazima.

Angozo:
Mwanena zoona, ndipo mwaionjezera mfundo yanga m'malo moichepetsa. Mmodzi yekha amene tinamuona ali ndi pakhomo ndi Cut Lawquane wa mu sizoni 2, amene anathawa usilikali n'kukalima ku Saleucami, ali ndi mkazi wake Suu ndi ana awiri. Rex anagona m'khola mwake atavulala, anadya naye, anakangana naye za udindo. M'mawa sanakamunenere.

Anachisale:
Pepani ndikudulani. Ine funso langa ndi lapakhomo. Wanga wamng'ono ali ndi zaka 7 ndipo akuilirira chifukwa anzake kusukulu akuikamba. Ndinkayesa ndi katuni wamba, koma mmene mukufotokozeramu ndayamba kukayika. Ndimulole?

Achemwali a ku Joni:
Amayi, masizoni awiri oyamba angathe kuonera muli pambali. Kuyambira sizoni 3 pakati mpaka kumapeto, ayi, adikire kaye afike zaka 11 kapena 12. Magazi saonetsa, koma zochitikazo n'zolemera. Mu sizoni 4 a Death Watch, gulu la zigawenga, atentha mudzi wa anthu osalakwa, Ahsoka, wophunzira wa Anakin, n'kudula mitu ya anayi nthawi imodzi. Mu sizoni 5 Maul, mdani wakale wa Obi-Wan, adula mutu wa Pre Vizsla, mtsogoleri wa Death Watch, pamaso pa anthu ake, kenako abaya Satine, wokondedwa wa Obi-Wan, Obi-Wan atagwidwa akuonerera. Mwana wa zaka 7 zimenezo azilota.

Mphwake wa Yoda:
Chimene chimanamiza makolo ndi kayambidwe kake. Pafupifupi gawo lililonse limayamba ndi kamwambi kolembedwa ndi zilembo zobiriwira ngati thambo, kenako liwu la Tom Kane likufotokoza mwachangu mofanana ndi nkhani za m'makanema a nthawi ya nkhondo yachiwiri. Ndiye kholo limati bola, n'zophunzitsa. Pofika mphindi 22 munthu wafa.

Anachisale:
Zikomo. Ayamba ndi oyambawo Loweruka, ine ndili pompo ndi rimoti m'manja.

Achemwali a ku Joni:
Tsono mundilole ndinene za Ahsoka, chifukwa abambo inu mwangokakamira asilikali. Mtsikanayu anabwera ali ndi zaka 14, wamwano, wodziwa zonse, ndipo mu 2008 anthu ambiri sankamufuna. Lero ndi mmodzi mwa okondedwa kwambiri mu Star Wars yonse. Chinasintha zinthu ndi mathero a sizoni 5. Kachisi wa a Jedi waphulitsidwa, iye anamiziridwa. Akuluakulu amene anamulera kuyambira ali kamwana anamuchotsa m'gulu mofulumira n'kumupereka kwa Tarkin, mkulu wa asilikali, kuti akaweruzidwe ndi boma, chifukwa ankaopa kuoneka okondera. Anakin yekha ndiye anasakasaka mpaka kupeza kuti wolakwa ndi Barriss Offee, mnzake wapamtima wa Ahsoka. Barriss pobvomera mlandu ananena kuti a Jedi asanduka gulu lankhondo ndipo ndi amene ayenera kuimbidwa mlandu. Njira yake inali yoipa, koma mawuwo palibe anawatsutsa. Ndiye akuluakulu aja pomuitana Ahsoka kuti abwerere, Mace Windu m'malo mopepesa anati zonsezi zinali mayeso ake. Mayeso! Mtsikana anabweza kamkanda kake kosonyeza kuti ndi wophunzira wa Jedi m'dzanja la Anakin n'kutsika masitepe. Akazi amene munanamiziridwapo pantchito kenako n'kuuzidwa kuti zakulimbitsani, mukudziwa chimene ndikunena.

Bambo a Tadala:
Ndipo zimenezo zimathandiza kumvetsa Anakin. M'mafilimu kugwa kwake kumaoneka kothamanga. Muno ukumuona pang'onopang'ono akutaya chikhulupiriro mwa akuluakulu ake, ndipo nthawi zambiri akulondola.

Jekete:
Chabwino, nanga kachipangizo ka mu ubongo kaja? Ine pamenepo ndi pamene anandikhumudwitsa. Mu filimu ya 2005 Palpatine akupereka Order 66, lamulo lopha a Jedi onse, Cody, mkulu wa ma clone a Obi-Wan, akungoti chabwino n'kulamula kuti awombere Obi-Wan amene wangomupatsa lupanga lake. Zinali zoopsa chifukwa zinkaonetsa kumene kumvera kosafunsa kumafikitsa munthu. Sizoni 6 ikubwera n'kuti ayi, anawaika kachipangizo m'mutu akupangidwa kumene, sanachite kufuna. Ndiye onse ndi osalakwa. N'zophweka kwambiri.

Mphwake wa Yoda:
Koma aise, ukanatani iwe ukanakhala wolemba? Wakhala masizoni asanu ukuonetsa kuti anyamatawa amaganiza, amakana malamulo opusa, anamumanga Krell. Ungadzanene bwanji kuti tsiku lina onse anangodzuka n'kuwombera anzawo amene akhala nawo m'maenje zaka zitatu? Popanda kachipangizoko Umbara ikanakhala bodza.

Bambo a Tadala:
Ine ndili mbali ya Mphwake, koma pachifukwa china. Kachipangizoko kakumaliza nkhani ya umwini. Anawalola kukhala ndi mayina ndi mametedwe awo chifukwa mwini katundu ankadziwa kuti tsiku lofunika adzangotchula nambala. Ndipo taonani mmene Fives anafera. Tup wawombera Jedi Tiplar mosadziwa, Fives afufuza mpaka apeza chimene chili m'mitu mwawo, achotsa chake, akafika kwa Palpatine weniweniyo kukanena. Anakadandaula kwa mwini chiwembu. Pomwe amakumana ndi Anakin ndi Rex anali atabayidwa mankhwala, akuyankhula zosamveka, aliyense akumuyesa wamisala. Womuwombera ndi Fox, clone mnzake.

Angozo:
Fives ndiye anandiliza ine, osati Satine.

Dalitso:
Abale mwandiuza zonse koma ndikufunabe kuiona. Nanga mathero ake ndi oyenera ulendo wonsewu?

Achemwali a ku Joni:
Magawo anayi omaliza, a ku Mandalore, ndi filimu payokha. Akuchitika nthawi imodzi ndi filimu ya 2005, ndiye iwe woonera ukudziwa kuti ola likuyandikira pamene iwo sakudziwa. Asilikali apaka zisoti zawo utoto wofanana ndi zizindikiro za pankhope ya Ahsoka pomulandira, ngakhale salinso Jedi. Nkhondo yake ndi Maul anaijambula potengera mayendedwe a anthu enieni, ndipo wa Maul anali Ray Park, amene anasewera Maul mu filimu ya 1999. Kenako lamulo lifika. Rex manja akunjenjemera, chisoti chigwa pansi, misozi ikutuluka, akulimbana ndi mutu wake womwe kuti athe kutchula dzina la Fives asanayambe kuwombera. Dzina limenelo ndi limene linamutsogolera Ahsoka kupeza kachipangizoko n'kumuchotsa. Ndipo amene akumusaka m'chombo monse ndi omwe aja avala nkhope yake pazisoti.

Jekete:
Ndipo Ahsoka akuti sapha clone ngakhale mmodzi, mfuti ziikidwe pongokomola. Zabwino. Koma ndani anamasula Maul kuti akasokoneze? Maul anapha asilikali m'makonde monse, anagwetsa injini, chombo chonse chinakagwa ndi anthu ake, Jesse ali momwemo. Manja a Ahsoka ndi oyera chifukwa ntchito yakuda anaipatsa wina. Ndi zomwe zija ndimanena za a Jedi.

Achemwali a ku Joni:
Anali yekha pakati pa asilikali chombo chonse, achimwene. Mukanafuna atani, akhale pansi adikire? Ndipo iye mwini sanadziyeretse. Anakumba manda a aliyense amene anamupeza.

Jekete:
Sindikuti akanatani. Ndikuti katuniyi imakonda anthu ake mopitirira, moti siiwalola kusenza mlandu wonse.

Mphwake wa Yoda:
Jekete amatsutsa chilichonse koma magawo onse akuwadziwa pamtima kkkk. Ngati tikufuna zodandaula zenizeni, sizoni 7 inali ndi magawo 12 okha ndipo anayi anathera pa Trace ndi Rafa Martez, akulowa m'ndende, kutuluka, kulowanso m'ndende yomweyo. Mfundo yake inali yabwino, yoti anthu osauka a pansi pa Coruscant a Jedi sawaona ngati apulumutsi, poti makolo a atsikanawa anafa a Jedi akuthamangitsa wothawa m'ndende. Koma magawo awiri akanakwana. Chimodzimodzi magawo anayi a maloboti ndi Colonel Gascon mu sizoni 5, limodzi lonse akungoyenda m'chipululu choyera.

Bambo a Tadala:
Koma m'magawo a malobotiwo ndi mmene muli Gregor, clone amene anaiwala kuti ndi ndani n'kumatsuka mbale m'lesitilanti. Musamudumphe ameneyo.

Dalitso:
Ndiyambire pati tsono? Ndamva kuti magawo ake ndi osokonekera.

Mphwake wa Yoda:
Masizoni atatu oyamba sanatuluke motsatira nthawi ya nkhani. Mwachitsanzo Clone Cadets, gawo loyamba la sizoni 3, likuonetsa Hevy ndi anzake ali kumaphunziro, pamene anafa kale mu sizoni 1. Pa StarWars.com pali mndandanda wotsatira nthawi: umayamba ndi Cat and Mouse wa sizoni 2, kenako The Hidden Enemy wa sizoni 1, kenako filimu ya 2008. Ine ndingati tsatira umenewo.

Jekete:
Ayi, aonere mmene inatulukira. Clone Cadets imapweteka chifukwa ukudziwa kale kuti anyamatawo akafera kuti. Hevy akamasiyira 99 mendulo yake n'kumulonjeza kuti adzaitenga pobwera, woonera motsatira mndandanda wakowo sangamve kanthu.

Dalitso:
99 ndiye ndaninso?

Achemwali a ku Joni:
Ameneyo yekha musamuuze, abale. Dalitso, yambani ndi Rookies usiku uno, mawa mudzatiuze ngati mukupitiriza.